Che Bakali Akana Chipatala

Fungo linamulandira Felister asanatsegule n'komwe chitseko. Che Bakali anali chigonere m'kachipinda kawo ka dalaivala, kuseri kwa nyumba ya abwana ku Al Thumama, mumzinda wa Doha. Mwendo unali utatupa ngati mtondo. Malaya amene anagwa nawo pamasitepe sabata yatha anali akadali m'thupi.

"Madamu akuti khalas, basi zakwana, atopa," anatero Felister, wantchito wa m'nyumbamo. "Ambulansi kapena eyapoti. Musankhe lero."

"Chipatala ayi, mwanangu."

Chifukwa chake Felister ankachidziwa, monga Mmalawi aliyense wa ku Doha. Dokotala akangonena kuti munthu wakalamba, sangagwirenso chiwongolero, bwana amamukweza ndege. Ndipo ku Mangochi Che Bakali analibe mkazi, analibe mwana, ngakhale mbale wowaimbira foni pa Idi.

Dzulo lake Felister anaitana Amidu ndi Jamilu, anzawo a kumzikiti, kuti adzawasambitse. Mkuluyo anawatukwana, n'kuwagenda ndi kapu. Awiriwo anachoka akuti matenda afika kumutu.

Tsopano thupi linali moto, milomo itang'ambika. Felister anagwada pambali pa matiresi.

"Ndikawachonderera Madamu asakuchotseni ntchito. Ndikalira pamaso pawo ngati kuli kofunika. Koma mukapitiriza chonchi mufa, ndipo ine sindinabwere kuno kudzanyamula maliro."

"Ndikafa," anatero Che Bakali movutikira, "amuna aja asandisambitse. Undisambitse iweyo."

"Ine? Mkazi, komanso Mkhristu? Chipembedzo chanu chomwe sichilola zimenezo. Akukuyankhulitsani ndi malungo."

Sanadikirenso chilolezo. Anakoka beseni la madzi, natenga sizasi, n'kuyamba kudula malaya omata ndi thukuta aja. Che Bakali anamugwira dzanja, koma mphamvu zinali zitawathera. Anatembenuzira nkhope kukhoma.

Pansi pa malaya panali nsalu yokulungidwa zolimba pachifuwa, italowerera mumnofu m'mbali mwa nthiti. Itamasuka, Felister anaona mabere, ophwanthika chifukwa chomangidwa zaka zambirimbiri.

"Kumudzi ankanditcha Umi," Che Bakali ananong'ona. "Mapepala anga onse ndi a mwamuna. Kuchipatala akandivula, obwera pambuyo pa dokotala ndi apolisi."

Felister anadzuka, nakhoma chitseko. Anabwerera, n'kufinya thaulo.

"Kwezani mkono, bambo."