Tiasilikali ta Edwin ndi Mphumu ya Che Bakali

Panali munthu wina dzina lake Edwin, amene ankagwira ntchito pa hotela ina ku Al Dafna, m'dziko lina la Aluya. Anzake akuntchito anamuphunzitsa masewera a tiasilikali tapulasitiki, tating'ono ngati chala, timene akuluakulu amatimenyanitsa patebulo poponya madayisi. Anawakonda mpaka analembetsa mpikisano. Lamulo la mpikisanowo linali lakuti tiasilikali tosapenta sitilowa.

Kutatsala masiku awiri, tiasilikali take 60 tinali tidakali totuwa.

Edwin ankakhala ku Al Muntazah, anthu anayi chipinda chimodzi. Mmodzi mwa iwo anali Che Bakali, bambo a ku Mangochi, amene ankalondera usiku n'kumagona masana. Ankadwala mphumu, ndipo kapampu kawo kopumira kankakhala patebulo pafupi ndi bedi lawo. Wina anali Waziri, dalaivala.

Unali mwezi wa Ogasiti. Edwin anayesa kupopera penti yam'chitini ali padenga, koma chifukwa cha kutentha ndi chinyontho inkauma ngati mchenga. Ndiye anatsika nayo m'chipinda, muli AC.

Waziri anamupeza akugwedeza chitini.

"Aise, ukufuna kupopera muno? Madalawa chifuwa chawo ukuchidziwa."

"Mafi mushkila, palibe vuto, ndi ten minutes basi. Sangamve n'komwe, agona."

"Dikira apite ku shift madzulo."

"Madzulo nanenso ndili pa duty. Ikapanda kuuma lero, Lachisanu sindisewera."

"Ndiye tsegulako windo."

"Fumbi limata pa penti. Iwe za galimoto ndi zimene umadziwa."

Waziri anaitanidwa ndi abwana ake n'kutsika. Edwin anatseka chitseko. Anayala katoni patebulo lonse, pamwamba pa zonse zimene zinalipo, n'kundandalikapo tiasilikali take. Anamanga thaulo pamphuno pake, iye yekha, n'kuyamba kupopera. Chitini choyamba chinatha, anatsegula chachiwiri.

Che Bakali anadzuka akutsokomola. Anakhala tsonga, pachifuwa pakulira ngati wenzulo.

"Mwanawe... pampu yanga."

"Dikirani pang'ono, madala. Musatsokomolere kuno, penti sinaume."

Che Bakali anatambasula dzanja kulunjika patebulo. Edwin analigwira dzanjalo n'kulibweza.

"Musakhudze! Five minutes, khalas, ndikhala nditamaliza, ndikupatsani."

Waziri anali ataiwala chikwama. Atabwerera n'kutsegula chitseko, fungo linamubweza m'mbuyo. Che Bakali anali atagwada pansi, milomo itada. Edwin anali ataimirira pambali, akukupiza tiasilikali take ndi kabuku kuti tiume msanga.

Waziri sanafunse kanthu. Anakankha katoni ija, tiasilikali tonse mbwee pansi, n'kupeza kapampu pansi pake. Anawapopera m'kamwa kawiri, katatu, koma mpweya sunkalowanso. Anaimbira ambulansi.

Pamene ankawatsitsa pa masitepe, Edwin anali chogwada, akutola tiasilikali kamodzikamodzi, akuchotsa tsitsi ndi fumbi zimene zinamatirira.

"Wandiwonongera ntchito yonse," anatero kwa Waziri.

Edwin anatipentanso. Lachisanu m'mawa anatiika m'bokosi la thonje n'kupita kumpikisano. Masana Waziri anamuimbira ali kuchipatala.

"Bwera. Madokotala akuti zinthu sizili bwino."

"Ndili pakati pa round two. Ndikuimbira ndikamaliza."

Sanaimbe. Che Bakali anamwalira Swala ya Asr, pemphero la chakumadzulo, isanakwane.

Edwin anabwera madzulo atanyamula kachikho ka gulu lopentedwa bwino. Anapeza Amalawi atadzaza pakhonde. Palibe anamukalipira, palibe anamugwira. Anangomupatukira kuti adutse, monga mmene anthu amapatukira madzi a m'ngalande. Iye analowa, n'kuyamba kufuna malo oikapo kachikho kake.

M'mawa mwake mayi Umi, akazi awo a malemu, anaimba kuchokera kumudzi. Sanafunse za katundu kapena za kampani. Anafunsa chinthu chimodzi.

"Che Waziri, pamene ankabanika, anali okha? Panalibe munthu pafupi?"

Waziri anayang'ana Edwin, amene anali pabedi akupukuta zala zake za penti. 

"Anali okha, mayi," anayankha. "Panalibe munthu."

Phunziro: Kunja kuno timagona mothinana, mpweya wa mnzako ndi wako womwe. Kukonda masewera si tchimo, koma chinthu chikakukulira mumtima mpaka kubweza dzanja la munthu amene akubanika, umunthu wakuthawa. Mnzako akakuchenjeza, imva. Penti, mankhwala opopera ndi utsi si za m'chipinda chotseka, ndipo mankhwala a wodwala asamatsekerezedwe ndi kanthu. Tumizani nkhaniyi kwa onse amene amagona chipinda chimodzi ndi anzawo.