Muyeso wa a Meja

Lachinayi lachisanu ndi chimodzi mayi aja anabweranso, ndipo Meja Morton Kampanje anakokera mimba m'kati.

Anali ataima pansi pa phiko la Dakota, ndege yaikulu kuposa zonse m'shedimo, akunamizira kuyendera tayala. Zaka makumi atatu anali msilikali wa ndege kumudzi. Atapuma, akomiti a nyumba yosungira ndege zakale ya pamsewu wa ku Kumakwane anawaitana ku Gaborone kuti adzakhale mkulu wake. Tsopano ankalamulira ndege zisanu ndi ziwiri zosauluka. Ankakonda kuuza alendo kuti limeneli ndiye gulu lomvera kuposa onse amene anawatsogolerapo: analiuza kamodzi kuti liime, lakhala chiimire zaka khumi.

"Dumela, rra," anawalonjera mayiwo m'chinenero cha komweko, n'kuseka okha. "Mwaswera bwanji, a Meja?"

Anali mayi Esinati, telala wa ku Block 9, kwawo ku Ntcheu. Ankatsika kombi, minibasi ya kumeneko, dzuwa lili paliwombo, thukuta lili pamphuno, koma ndege osaziyang'ana n'komwe. Alendo ena ankafunsa za injini ndi mabomba. Iwo ankafunsa ngati a Meja ankapinda manja a malaya ali pantchito, ndiponso kuti ndi mendulo iti inkakhala kutsogolo kwa inzake. Sabata yachitatu anapempha chithunzi cha a Meja ali mnyamata, ataima pafupi ndi ndege ku Zomba. Anachilowetsa m'chikwama ngati dzira.

Munthu amene mkazi wake anamwalira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo safulumira kukhulupirira zoterezi. A Meja anadzilangiza ngati msilikali: osaukira usanaone bwino kumene kwaima mnzako. Anadikira umboni.

Umboniwo unabwera sabata yachinayi. Mayi Esinati anati paphewa pa a Meja pali fumbi. Dzanja lawo silinasase fumbi ayi. Linayenda kuchoka phewa lina kufika linalo, chala chachikulu ndi chapakati zikutambasuka ndi kukumana ngati mbozi yoyenda pansthambi, milomo ikuwerenga chamumtima. Sabata yotsatira fumbi lija linapezeka pamkono, kuyambira paphewa mpaka pamene pamakhala wotchi.

A Meja anadziwa. Bambo awo anali telala wa pakhonde la sitolo ku Limbe, ndipo tepi ikasowa ankayeza anthu chomwecho. Mayiwa ankawasokera suti mobisa. Tsono mkazi angasokere mwamuna suti mwachinsinsi ngati sakufuna kudzaima pambali pake atavala zoyera?

Kuyambira tsiku limenelo anasiya magwinya, mandasi a kumeneko. Anagula mankhwala okuda a tsitsi, ndipo imvi zinasanduka zofiirira ngati nkhandwe, koma anadzilimbitsa mtima kuti m'shedi simuwala kwenikweni. Mawu ofunsira anawayeserera pamaso pa ndege zonse zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe imene inawakana. Vuto linali bondo lakumanzere. Kugwada linkagwada, koma kudzuka linkafuna kukambirana kaye.

Lero mphete inali m'thumba la malaya, pansi pa mamendulo. Ankaimva ikugunda limodzi ndi mtima. Akawakana, adzakhala nkhalamba yopaka tsitsi imene Amalawi onse a ku Block 9 adzaiseka pa tchalitchi Lamulungu. Akapanda kufunsa, adzabwereranso kunyumba ija ya ku Extension 2, kumene ngakhale wailesi ankaitsegula kuti pangomveka mawu a munthu.

Mayi Esinati anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Pali chinthu kuseri kwa kandege kachikasuko. Chabwera m'mawa, inu muli kutauni. Ndinalonjeza anthu kuti simuchiona mpaka Loweruka, koma mtima ukundikana. Munthu ayenera kuona yekha kaye, anthu asanachuluke."

Anthu. Loweruka. Ndiye kuti ngakhale ankhoswe anali kale m'chiwembumo. A Meja anachita manyazi pang'ono kuti msilikali wathunthu wazunguliridwa mbali zonse osadziwa, koma anali manyazi okoma.

"Tsogolani, mayi," anatero ndi mawu amene ankalamulira nawo perete.

Anadutsa pansi pa mchira wa Dakota, n'kuzungulira kandege kophunzitsira kaja. Pakona panaima chinthu chotalika ngati munthu, chofundidwa nsalu yoyera. Mapewa a chinthucho, a Meja anawazindikira ngakhale anali ofundidwa. Anali awo ndithu, zikhatho ziwiri ndi theka.

"Musandiseke," anatero mayi Esinati, akumasula mfundo ya nsalu atawafulatira. "Sindinasokepo chotere. Masabata onsewa ndimangoganiza za inu."

"Inenso, mayi," anatero a Meja.

Nthawi inali imeneyi. Anagwira phiko la kandege, n'kutsika pang'onopang'ono. Bondo linalira ngati chitseko cha shedi, koma linafika pasimenti. Anatulutsa mphete, n'kuifumbata. Mawu onse amene anayeserera anafola bwinobwino pamlomo, kudikira lamulo.

Nsalu inagwa.

Patsogolo pawo panaima Meja wina, chidole cha m'sitolo ya zovala, chifuwa panja, yunifolomu yatsopano ili phuliphuli, ndipo pamapazi pake panali kachikwangwani: Meja M. Kampanje, mkulu woyamba wa nyumba ino, 2015–2025.

"Akomiti akuti aziima pakhomo mukapuma ntchito n'kutsanzikana nawo Loweruka," anatero mayi Esinati, akukonza kolala ya chidolecho mwachikondi. Kenaka anacheuka. "Mwagwetsa chiyani pansipo, a Meja?"