Azakhali Champa Atomeredwa

"Mwana wanga Mangala sangakwatiwe ndi munthu wa zamakanema," anatero a Deshpande akuthira tiyi. "Inu mwati mumagwira kuti ntchito?"

"Kunjanji, bambo," ananama Vasant, mnyamata amene anabwera kudzafunsira Mangala. Zoona zake, ankasewera m'makanema oseketsa a mu Bombay momwemo. Ankavala sari, chovala cha amayi a ku India, ndi tsitsi loikirira, n'kumaimba ndi timawu tachizimayi ngati Azakhali Champa.

Ukwati unavomerezedwa. Pomuperekeza, mkuluyo anayang'ana uku ndi uku, n'kumukokera pambali.

"Poti mwasanduka wa pakhomo pano, ndikutsineni khutu. Loweruka lililonse ndimazemba kukaonera Azakhali Champa. Mayi amene uja! Akangophethira diso, ine ndimaimirira n'kuwomba m'manja. Apongozi anu aakaziwa asamve."

"Sadzamva, bambo."

"Anthu akunjanjinu mumadziwana ndi aliyense. Mukandifufuzireko ngati ali pabanja."

"Ndamva kuti atomeredwa lero lomwe lino, bambo," anatero Vasant.

A Deshpande anausa moyo.

"Basi, zatha. Koma khomo limene akukalowalo lachita mwayi."