Sizasi ya Nthenga

Rusdi adaima kumbuyo kwa mlongo wake wamkulu, Sariani, atagwira sizasi imene ankadulira nthenga za mbalame za kunyanja.

"Ndiye kuyunivesite kuja adakuphunzitsa kumeta anthu?" adaseka Sariani. Adakhala pakhonde atatambasula miyendo chifukwa cha pakati, akusankha tinsomba touma m'lichero. "Kapena ukundiyesa mbalame?"

"Pang'ono chabe, achemwali. Tsitsi la kunkhongo, sipaoneka."

Nthenga zimene iye adatumiza kukayezedwa zidapezeka ndi mekyule wochuluka, chiphe chimene mtsinje unkatsitsira m'nyanja kuchokera kumigodi ya golide. Chimene nthenga imasunga, tsitsi nalo limasunga. Ndipo mbalamezo zinkadya tinsomba tomweti, timene Sariani ankakazinga ndi tsabola n'kudyera mpunga chitengereni pakati, popeza ndiwo zina zonse zinkamuchititsa nseru.

Sizasi idalira kamodzi. Rusdi adafuna kuika tsitsilo mu envulopu, koma lina lidagwera pamkeka. Adagwada n'kuyamba kulitola limodzilimodzi.

Sariani adamuyang'ana nthawi yaitali. Kuseka kudatha.

"Iwe Rusdi, mbalame zako za pachilumba zija. Chaka chino mazira aswa?"

Iye adakumbukira zisa za pathanthwe, ndi mbalame zimene zinkakhalirabe mazira osukusa nyengo yoswa itapita kale.

"Ena aswa," adayankha, maso ali pamkeka.

Sariani adakankhira lichero kutali ndi phazi, pang'onopang'ono, n'kuika manja onse awiri pamimba.