Kabati ya a Maliro

Panali munthu wina wa ku Mitundu, a Maliro, amene anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri. Pobwerera kumudzi anabweretsera akazi awo, mayi Zipora, kompyuta yaikulu ija ya bokosi, kuti azitayipira anthu mapulogalamu a ukwati ndi nyimbo za kwaya. Ankainyadira kwambiri moti anaikhometsera kabati yakeyake kwa kalipentala, ya matabwa ochindikala, yotseka mbali zonse, kumbuyo kuli kabowo kamodzi kotulutsira mawaya. M'mawa ankaiyatsa okha, n'kukhoma chitseko, kiyi m'thumba. Panja pankangotsala sikirini ndi kiyibodi.

Nyengo yotentha itafika, kompyuta ija inayamba kuzima yokha. Mayi Zipora ali pakati potayipa, ankangomva kulira kwambiri m'kabatimo, kenako sikirini bii, ntchito yonse yatayika. A Maliro anati ndi magetsi, koma babu linali chiyakire. Anati ndi vayirasi ya m'mafulashi a anthu a kwaya, ndipo analetsa mafulashi onse. Inazimabe.

Mayi Zipora kwawo kunali ku Nathenje, ndipo pamsika kumeneko panali wokonza makompyuta, Gilibati, amene anaphunzira naye kusekondale. Atapempha kiyi kwa amuna awo, ananyamula bokosilo kupita nalo. Gilibati analiika pabenchi, likuyaka tsiku lonse osazima. Analipukuta fumbi, nati palibe vuto. Mayi Zipora atafika nalo kunyumba n'kulibwezera m'kabati, linazimanso. Ulendo wachiwiri Gilibati anafunsa pamene limakhala, ndipo atamva za kabati anagwira pakamwa.

Mayi Zipora anafika nawo uthengawo. "Abambo a Jenipher, akuti vuto ndi kabatiyi. M'bokosimu muli fani yotulutsa mpweya wotentha. Ndiye mukakhoma, mpweyawo umasowa kopita, kompyuta imadzizimitsa yokha kuopa kupsa."

"Akuti ndani?"

"A Gilibati."

"Ehe, a Gilibati. Ku Nathenje imachira, kuno imadwala. Tandiuzani amake Jenipher, wodwala ndi kompyuta kapena mwini wake?"

"Tangotsegulani chitsekocho tione."

"Kabati yanga yamulakwira chiyani? Lero akutulutsa kompyuta m'kabati, mawa atulutsa ine m'nyumba muno."

Kuyambira pamenepo a Maliro anayamba kunena kuti akazi awo amaizimitsa dala kuti apeze podzera popita ku Nathenje. Anakumbukira zaka zonse zimene anali ku Joni, nayamba kufunsa kuti Gilibatiyo nthawi imeneyo anali kuti. Mayi Zipora anati, "Ndingaizimitse bwanji batani lili m'kati momwe mwakhomamo? Khalani pambuyo pangapa muone." Anakhaladi, maso ali pa zala za akazi awo. Dzuwa litafika paliwombo, sikirini bii.

"Mwadina china chake," anatero a Maliro. "Anakuphunzitsani bwino."

Nkhani inafika kwa ankhoswe. Atamva mbali zonse anati, "Achimwene, apa palibe mlandu. Siyani chitsekocho chotsegula tsiku limodzi lokha. Ikazima, tibweranso tikambe zina." A Maliro anakana. Anati kutsegula chitseko n'chimodzimodzi kuvomera kuti m'nyumba mwawo akulamula Gilibati. Ankhoswe atangochoka, anauza akazi awo kuti, "Pitani kwa anzeruwo." Mayi Zipora anatenga mwana wawo Jenipher n'kubwerera kwa mayi awo ku Nathenje.

Kompyuta inatsala ndi a Maliro okha, ndipo inkazimabe. Iwo anati mkazi uja waiwonongeratu, choncho anaganiza zoigulitsa. Kunabwera mphunzitsi wina, a Gift, amene anati sangatenge chinthu osachiyesa. Analitulutsa bokosi lija n'kuliika patebulo pakhonde. A Gift anaonera mavidiyo a kwaya, anatayipa, anaika fulashi yawo, kutentha kuli kosanena. Mpaka dzuwa kupendeka, kompyuta inali ikuyakabe.

"Bambo, yabwinobwinoyi mukuigulitsiranji?"

"Imazima yokha."

"Mumaiika pati?"

A Maliro analoza kabati. A Gift anasuzumiramo n'kuseka. "Umu? N'kukhomanso? Nanga ipuma bwanji? Ngakhale nkhuku singachezemo umu. Simunapezepo munthu wokuuzani?"

A Maliro anangowauza kuti sakuigulitsanso. M'mawa mwake anaiyatsa patebulo, anakhala pamaso pake tsiku lonse kudikira kuti izime. Sinazime.

Anatenga ankhoswe ulendo wa ku Nathenje. Anapeza mayi Zipora akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pokwerera minibasi. A Maliro anagwada pamaso pa anthu. "Amake Jenipher, inali kabati. Ndaona ndi maso anga. Tiyeni kwathu."

"Wakuuzani ndani?"

"Mphunzitsi wina amene anabwera kudzagula."

Mayi Zipora anapitiriza kuunjika tomato. "Ndinanena ine mkazi wanu, simunamve. Ananena ankhoswe awa, simunamve. Mwamvera mlendo amene simukudziwa n'komwe kwawo. Ndiye mawa ikawonongeka wailesi, ndizidikiranso mlendo wina kuti adzandiyeretse?"

Sanabwerere. Amene amadutsa kwa a Maliro akuti kompyuta ija ikugwirabe ntchito patebulo, koma palibe woitayipira. Kabati ili pakona yopanda kanthu, ndipo kiyi wake akadali m'thumba mwawo.

Phunziro: Chinthu chikawonongeka pakhomo, yambani mwafufuza chinthucho musanayambe kufufuza mnzanu. Nsanje imakana ngakhale kuyesa kwa tsiku limodzi kumene kukanathetsa nkhani. Ife amene akazi athu anatsogola tikudziwa mmene nyumba imakhalira zii, ndiye zimatipweteka kuona wina akuthamangitsa wamoyo chifukwa cha chitseko cha kabati. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, makamaka amene angobwera kumene kuchokera kutali.