Kadzidzi pa Denga la a Chimphonda

A komiti ya mdima chiletsereni mababu apanja kuti usiku uzikhala usiku, nyenyezi zabwerera m'mudzi mwathu. Vuto ndi lakuti akadzidzi nawonso abwerera.

Wina wakhala akulira pa denga la a Chimphonda, ndipo lero m'mawa bambowo akana kudzuka pamphasa.

"Nangondo, ine ulendo wapsa," anauza mkazi wawo mobuula. "Mbalame imeneyi siilira chabe. Ndiphereni tambala uja ndidyeretu."

"Dzana munadya thadzi, mwati mukufa. Mpaka pano mukupuma."

"Imfa siithamanga, mayi. Apo ayi, bwezeretsani babu lija kuti chimbalamechi chithawe."

"Kuti a komiti ya mdima atilande sola? Foni muzikatchaja kumanda?"

A Chimphonda anatembenukira kukhoma. "Mulibe chisoni inu."

"Chisoni ndili nacho, koma cha nkhuku zanga," anatero Nangondo. "Chibwerereni kadzidziyu, m'nkhokwe mulibenso khoswe ndi mmodzi yemwe. Pakhomo pano wogwira ntchito ndi iyeyo basi."

Anakatenga khasu n'kuliika pamphasa.

"Ngati mukufadi, kafereni kumunda. Dzenje mudzakhala mutaliyambako kale."