Nyenyezi ya Emelia

Kaitano anadutsanso pakhomo pa Luisa osalowa. Sabata imeneyo inali ya Luisa, mkazi wamkulu, koma bamboyo anakhotera kwa Emelia, amene anali atangomukwatira kumene.

Zonsezi zinayamba ndi nyenyezi. M'chaka cha 1918, anthu a kwa Tengani ali kalikiliki kuthyola thonje, kumwamba kunatulukira nyenyezi yachilendo, yowala mothobwa m'maso. Kaitano, wopanda manyazi, anaitcha Emelia. Madzulo aliwonse ankamuyalira mphasa pakhonde n'kumutsamiritsa pachifuwa, awiriwo maso ali m'mwamba. Luisa, amene anamuberekera ana anayi, sanatchedwepo ngakhale chiphaniphani.

Nsanje inamudya. Tsiku lina Elisha, mphunzitsi wa kumishoni, akudutsa pabwalopo, Luisa anamufunsa za nyenyeziyo ngati nkhani yongocheza.

"Nyenyezi ndi moto, mayi," anatero Elisha. "Nazonso zimabadwa n'kufa. Zing'onozing'ono zili ngati chikuni cha tsanya, zimanyeka pang'onopang'ono. Koma zikuluzikulu, zowala chonchi, ndi moto wa mapesi. Sizichedwa kutha."

Luisa anasekera mumtima. Kuyambira tsiku limenelo nayenso ankayang'ana kumwamba, ndipo akaona kuti nyenyeziyo yazilalako, ankagona tulo tabwino.

Koma pansi pano Emelia zinkangomuyendera. Kumunda anasiya kupita, madzi ankachita kumutungira. Mlamba wonona ukabwera kuchokera ku Shire unkathera kwake. Ndiye Loweruka lina Kaitano anabwera kuchokera kusitolo ya Mmwenye ku Port Herald atapanira nsalu yoyera mbee, mikwamba inayi yathunthu, n'kulowa nayo komweko. Luisa anayang'ana chilundu chake chazigamba, mtima unamuwawa kwabasi.

Analowa m'nyumba ya Emelia osaodira n'komwe.

"Bambo a Anna, ine ndinakulakwirani chiyani? Ndasanduka chitsa pakhomo pano? Nsalu yonseyi ya munthu mmodzi?"

Amene anayankha ndi Emelia, ali chigonere pamphasa, akubisa kansanza kamagazi kumsana.

"Musawakalipire, akulu anga. Ndinawatuma ndine, ndipo ndinawaletsa kukuuzani. Chifuwachi chandimaliza. Ndimafuna kuti tsiku langa likafika, m'nsaluyi mudzandikulunge ndinu."